Ludzu la a Zgambo

A Bestone Zgambo ndi munthu wa ng'ombe. Sindinena kuti amaposa ena, pakuti kumidzi ya ku Edingeni odziwa ng'ombe ndi ambiri, ndipo eni akewo atandimva ndikuwakweza angandifunse ngati ndayamba kale kuwerenga mbiri ya pamaliro awo. Ndingonena kuti kwa zaka makumi anayi panalibe wina wotsegula khola lawo m'mawa. Ankasolola mitengo itatu ya pachipata, kuiimika pambali, n'kumatchula ng'ombe iliyonse dzina lake ikamatuluka. Ndinawadziwa nditabwera kudzaphunzitsa pasukulu ya m'mudzimo, ndipo takhala benchi imodzi kutchalitchi mpaka imvi.

Mwana wawo, Evance, ali ku Joni monga ana a anthu ambiri kuno. Mayi a kunyumba, akazi awo a Zgambo, anatsogola kalekale. Choncho sitiroko itawagwetsa mu Meyi chaka chatha, n'kuwafoola mkono ndi mwendo wa kumanzere, wowasamala anali mkazi wa Evance, Kezia, amene tonse timamutcha NyaChisi. Kuno munthu ndi mkazi wa mwana wake amaopana. Sadyera pamodzi, sakhalirana pafupi, ndipo alipo mawu ena amene mmodzi sangatchule wina akumva.

Potuluka m'chipatala a Zgambo anapatsidwa mapiritsi a BP omwa m'mawa uliwonse, ndipo anauzidwa kuti azibwera Lachiwiri lililonse kudzachita mafizo, masewera odzutsa ziwalo zofooka. Wa mafizoyo anali mtsikana wa ku Dedza, Akuzike Mbewe, wosadziwa kuzungulira polankhula. Tsiku loyamba anawafunsa chimene akulakalaka kudzachitanso.

"Kutsegula khola," anatero a Zgambo.

"Basi? Anzanu amati akufuna kukavina ingoma."

"Ingoma ndinavina kale, mama. Khola mbwenu."

NyaChisi anakawerenga mapazi kuchokera pakhonde kukafika pachipata. Anapezeka makumi anayi.

Kuchipatala ankapita pangolo, ulendo wa maola awiri, NyaChisi akuyendetsa, iwo atakhala pamatiresi kumbuyo, atafulatirana. Kumeneko a Zgambo ankawaimika pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira kuti aphunzire kuponda. Sabata yachitatu, atangoimirira, m'maso munada ndipo anagwada pansi. Sabata yachinayi katumba anakokana, chizungulire chinawagwira, anachita kuwawakha. Akuzike anawayeza BP atakhala, inali bwino. Atawayeza ataimirira, inali itatsika kwambiri.

"Adada, mankhwala mukumwa bwanji?"

"Monga analembera adokotala. Sindinaphonyepo."

Zinali zoona.

"Nanga kudya?"

"Chomene. Ndikudya kwambiri."

"Ndiye mverani. Mukagwanso, pazitsulo apa sindikuimikaninso. Ndikulemberani njinga ya olumala. Sindingalole kuti muthyoke chiuno m'manja mwanga."

Lamulungu lotsatira a Zgambo ndinawapeza pakhonde akuyang'ana kukhola. Za njingayo anandiuza, koma chifukwa chogwera sanandiuze.

"Asambizi," anatero, pakuti ndi mmene amatiitanira ife aphunzitsi kuno, "NyaChisiyu amatsegula bwino khola, sindikudandaula. Koma ng'ombe sazitchula maina. Zimangotuluka ngati anthu otsika basi."

Amene anaona vuto ndi NyaChisi. Lolemba anapita yekha kuchipatala, nakaitanira Akuzike kuseri.

"Asisi, botolo lawo la madzi limapita lodzaza, limabwerera lodzaza. Kuyambira Lolemba masana samwa kanthu, ngakhale tiyi."

"Ndiye pake!" anatero Akuzike. "Limodzi mwa mapiritsi aja limachotsa madzi m'thupi. Munthu akamalimwa koma osamwa madzi amauma ngati fodya m'chigafa. Akaimirira, magazi sakufika kumutu. Mwawafunsa chifukwa chake?"

"Ine? Kufunsa apongozi zimenezo?"

"Ndiwafunsa ndine mawa."

"Ndapota, asisi, musatero. Mukawafunsa inu, sadzapondanso kuno."

Ndi mmene nkhaniyo inafikira kwa ine. NyaChisi anandipeza kunyumba, anagwada patali, nandiuza za botolo lokha. Zotsalazo anasiya kuti ndizipeze ndekha. Madzulo ake nditafika pakhomo pawo, iye anasenza ndowa n'kupita kumjigo wa kutali, ngakhale wapafupi unali bwinobwino.

Ndinakhala pafupi ndi a Zgambo n'kuwafunsa za botolo lija.

"Kapiritsi koyera kaja kali ndi ntchito yake, asambizi. Ukamwa, ola silitha usanafune kuthengo. Tsono pangolo paja ndinene kuti chiyani? Kuti mwananga, imitsani ng'ombe, munditsitse, mundigwirizize patchire? Sabata yoyamba ndinapirira mpaka misozi. Ndinati bola ludzu."

"Bwanji osawauza a chipatala?"

"Mwana wamkazi uja? Wamsinkhu wa NyaChisi? Inu mukanatha?"

Nanenso sindikanatha.

"Kusiya piritsi ndinaganizako," anapitiriza, "koma ndinalonjeza adokotala. Madzi okha ndiwo sindinalonjeze munthu."

Lachiwiri limenelo ngolo ndinayendetsa ine. Nkhani yonse ndinakaifotokoza kwa dokotala wamwamuna, a Zgambo ali pomwepo akuyang'ana pansi. Piritsi sanalichotse, pakuti ndi limene limawateteza kuti sitiroko isabwerenso. Anangoti azimwa m'mamawa monga kale, madzi azimwa mokwanira, ndipo mafizo awasunthire masana, piritsi litamaliza phuma lake. Akuzike sanatchulepo kanthu za tchire. Anangowaphunzitsa kuti asanaimirire aziyamba akhala m'mphepete mwa bedi, kugwedeza mapazi ndi kuwerenga mpaka makumi awiri. Kenaka anawapatsa kapu ya madzi n'kuima pomwepo mpaka anamaliza.

Kuyambira pamenepo Lachiwiri linakhala langa. Pakati pa njira pali mtengo wa muwanga pamene tinkaima popanda wonena chifukwa. Kuyendetsa kwanga sikunawakondweretse.

"Ng'ombe zanga zafika poyendetsedwa ndi munthu wa choko," ankatero. "Musazikalipire m'Chingerezi, asambizi, sizinapite kumishoni."

Sanagwenso. Anayamba ndi mapazi anayi, kenaka khumi. Mu Okutobala, tsiku lina m'mawa, anatsika pakhonde ndi ndodo m'dzanja lamanja, mwendo wamanzere ukukwekwereza fumbi. Anapuma kawiri panjira. Pachipata anatsamira nsanamira n'kusolola mitengo ija ndi dzanja limodzi. Kuiimika pambali sanathe, inagwera pansi. NyaChisi anali pankhokwe, atafulatira, akupeta chimanga chopeta kale.

"Bantomu," anaitana a Zgambo. "Kaputeni. Nyamazawo. Tuluka, nawenso, waulesi iwe."

Ndinawafunsa ngati ndiwajambule pafoni kuti Evance aone. Anakana.

"Abwere adzaone yekha."

Evance sanabwerebe. Kudambo kumene ng'ombe zimakadya ndi mtunda wautali, ndipo Akuzike anawauza mosabisa kuti mwendowo mwina sudzafikako. Khasu la ng'ombe nalonso limafuna manja awiri. Choncho m'mawa uliwonse amamwa piritsi lawo ndi kapu yodzaza, amawerenga mpaka makumi awiri, n'kuyenda mapazi awo makumi anayi. Ng'ombe zikatuluka zimakalowa m'gulu la ng'ombe za m'mudzi n'kutsetserekera kudambo. Iwo amatsala pachipata atagwira nsanamira, akuyang'ana njira imene ankaitsata kumbuyo kwa ng'ombezo, ndipo sabwerera pakhonde mpaka fumbi lake litatha.