Ndakatulo ya pa Kaliyala

Kwathu kuno ku Thuchila, dzuwa likangopendeka aliyense amakhala ndi kopita, koma njinga ndi imodzi. Mwana wanga woyamba amaimba kwaya Lachiwiri ndi Lachinayi. Wachiwiri amakamenya mpira kusukulu tsiku lililonse, pokhapokha mpirawo utaphulika. Bambo awo akaweruka ku esiteti ya tiyi amasanduka mkulu wa mpingo, ndipo misonkhano yawo ilibe tsiku, imangogwa ngati mvula ya m'phirimu. Ine Lachitatu ndimayendera odwala ndi amayi anzanga. Wopalasa njinga ndi ine ndemwe: tula uyu, nyamula uyo. Tsiku lina ndinafika kwa mayi wina wodwala miyendo nditanyamula nsapato za mpira m'malo mwa buku la nyimbo.

Chaka chimenecho chitsiriza wathu, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, anasankhidwa kulakatula ndakatulo pa Sabata la ana. Kanali koyamba kuti asankhidwe pa chilichonse. Aphunzitsi a Sande sukulu anamulembera mizere isanu ndi itatu yothokoza makolo, koma iye anali asanadziwe kuwerenga. Ankanditsata ndi pepala lakelo mpaka kubafa.

“Amayi, lero mundiphunzitsa?”

“Mawa, mwanangu.”

Mawa anachuluka, mpaka ndinapeza nzeru imene ndinadzitama nayo kwa azinzanga. Ndinamanga pepalalo pa handulo ndi mphira, mwana n'kumukweza pa kaliyala. Ine ndinkawerenga mzere uku ndikupalasa, iye n'kumabwereza kumbuyoko. Kutchalitchi, kubwalo la mpira, kuchigayo, milungu iwiri yathunthu. Mwanayo mutu ali nawo, chilichonse chimene wamva chimakhazikika.

Tsikulo litafika tchalitchi chinadzaza. Bambo ake anakhala kutsogolo ndi akulu ampingo anzawo, jekete atamanga mabatani onse. Mwana anaima chilili, manja kumbuyo, n'kuyamba ndi mawu omveka mpaka kukhomo:

“Zikomo makolo athu, mumatisamala bwino.
Kweza miyendo iwe, masipoko akudula!
Mumatidyetsa, mumativeka, mumatiphunzitsa ulemu.
Iwe wa minibasi, maso unasiya kunyumba?”

Mayo ine! Thukuta linangoti chuu kumsanaku. Ndinayesa kumukodola kuti aleke, koma aphunzitsi ake anali atamuuza kuti wolakatula sayang'ana anthu, amayang'ana khoma. Ndiye anapitiriza, osadumpha ngakhale liwu:

“Atate ndi amayi amakondana usana ndi usiku.
Abambo akowa akanangokwatira benchi la m'tchalitchi!”

Tchalitchi chonse chinagwa nacho chiseko. Amayi anzanga anayamba nthungululu, wa ng'oma naye osadziwa chochita anangoimenya. Amuna anga ankayang'anitsitsa nsapato zawo ngati azigula tsiku lomwelo. Abusa, akupukuta misozi, anati sanaonepo sewero lophunzitsa chotere, ndipo anapempha kuti amene analemba aimirire. Aphunzitsi a Sande sukulu anatembenuka kundiyang'ana ine. Ndinaimirira, nanga ndikanatani? Anandiombera m'manja, ndipo pompo anandiika m'komiti ya masewero, yokumana Lolemba lililonse. Lolemba linali tsiku lokhalo limene ndinkakhala pakhomo.

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Mwana anatsika pa guwa n'kukakhala pakati pa anzake osayang'ana aliyense.

Pobwerera ndinamukweza pa kaliyala, tinadutsa msika. Kenaka ndinamva kamawu kumsana kwanga.

“Amayi, ndinalakwitsa pati? Ndinanenatu zonse mmene munandiphunzitsira.”

Ndinagwira buleki. Mtima unandipweteka kuposa manyazi onse a m'tchalitchi aja. Mwanayu sankadziwa kuti mawu a aphunzitsi ndi ati, a mkwiyo wanga ndi ati. Kwa iye zonse zinali zochokera pakamwa pa amayi ake, ndiye zinali zoyenera kusunga.

“Sunalakwitse paliponse,” ndinatero. “Wolakwa ndi ine.”

Anatsika yekha, n'kuima m'mphepete mwa msewu, manja kumbuyo, minibasi zikumuthira fumbi pa diresi lake la pa Sabata.

“Ndiye ndibwereze,” anatero. “Koma mutembenuke, amayi. Pa njingapa simunandionepo ndikulakatula.”