Khobidi la Esnati ndi Chidole Choseka cha ku Limbe

Kuno kudziko la azungu, ku Malaga, kuseri kwa mashedi a anthu ogulitsa matayala ndi mapaipi, apongozi anga, bambo a Tadala, ali ndi kashedi kawo kosungiramo zinthu zimene munthu wanzeru akanataya kalekale. M'kati mwa sabata amasamalira okalamba ku Midland. Loweruka amasamalira nkhalamba zachitsulo, makina akale oponyamo ndalama. Muli kavalo amene amagwedezeka ukamudyetsa ndalama, muli mayi wa duku wolosera zam'tsogolo, muli anyani atatu oimba ng'oma, mmodzi alibe mutu koma ng'oma amaimbabe. Amazigula kwa azungu, n'kumazipala dzimbiri, kuzithira mafuta, kuzilankhula. Mwana wanga akuti n'zochotsa kutopa. Ine ndinati ndikadzionere ndekha, chifukwa mwamuna amene amasowa pakhomo Loweruka lililonse n'kumati ali ku zidole, mawu akewo ngofunika kuwalondola.

Zidolezo zinalipodi. Ndinasuzumira kuseri kwa chitseko, ndi m'chimbudzi momwe, munalibe munthu. Koma pakona panali bokosi lagalasi, ndipo m'katimo munakhala chidole chachimuna cha masaya ofufuma, chipewa choyera, mano onse pamtunda. Mkulu ameneyu, kapena mchimwene wake, ndinakumana naye ku Limbe ndili kamtsikana, kwacha isanabwere, ndalama ikadali ya masheleni ndi makhobidi obowola pakati.

Mng'ono wanga Esnati anabadwa wochepa ngati botolo, wachifuwa chosatha, liwombo lake lolowa m'kati. Azakhali athu a ku Thyolo atabwera kudzamuona, anamumanga kaulusi kakuda m'khosi. Pa ulusipo panali mkanda umodzi wofiira ndi khobidi lobowola, lopakidwa mafuta a nsatsi ndi zina zimene sanatiuze. Atamanga mfundo yomaliza anati, "Tsiku limene khobidi ili lidzachoke pakhosi pa mwanayu, musadzandifunse kanthu." Mawu amenewo ndinawamva ndili kuseri kwa chitseko, komwe ndinkamvera zinthu zambiri.

Vuto linali lakuti amayi anali munthu wa mpingo, oimba kutsogolo, ndipo za zithumwa mpingo wathu sunkafuna n'kuzimva komwe. Ndiye anamusokera Esnati madiresi a kolala yofika kuchibwano. Anthu ankati mwanayu amavala ngati mbusa.

Lachisanu lina tinapita ku Limbe. Amayi anandibereketsa Esnati, n'kundiimika pamthunzi, pakhonde la sitolo ya mmwenye wina amene tinkamutcha a Maloko chifukwa ankatseka chitseko chake ndi maloko atatu. Munthu ameneyo ndinkamulemekeza. Pakhondepo pankanunkhira nsalu zatsopano, sopo wa mtanda ndi palafini, ndipo simenti yake inali yozizira bwino kumapazi. Amayi anati, "Usasunthe, usalankhule ndi munthu, usalandire kanthu." Za kupereka kanthu sananene. Anasenza dengu lawo n'kulowera kumsika.

Chidole chija chinali pompo pakhondepo, chingwe chake cha magetsi chitalowa m'sitolo kudzera pakabowo ka pawindo. Ndinaona kalaliki wina wa tayi akuponyamo khobidi. Chinagwedezeka, chinaweramira kutsogolo, chinaseka pang'ono chabe, basi n'kuuma. Kalaliki uja anachoka wosangalala, khobidi lake litapita. Ine ndinadabwa. Kulipira kuti wina akuseke? Kwathu zimenezo anthu ankakuchitira ulere. Komabe mtima unkafuna. Ndinkafuna chiseke chifukwa cha ine, koma ndisaluze kanthu.

Itakwana nthawi ya masana, a Maloko anatseka maloko awo atatu n'kupita kokapemphera. Khonde linatsala la ine, Esnati ali m'tulo kumsana, ndi mayi wina wogulitsa nthochi amene ankawodzera chapatali. Apa m'pamene nzeru inandibwerera, nzeru imene mpaka lero ndimati inali yabwino, kungoti inakumana ndi ina yoiposa. Khobidi la Esnati linali kale ndi chingwe. Ndikhoza kulitsitsa m'kabowo ngati chidebe m'chitsime, chidole chiseke, ine ndikoke, ndibwezeretse pakhosi. Ndani akanadziwa?

Ndinamutembenuzira Esnati kutsogolo, ndinamasula kolala, n'kuvula kaulusi kaja podutsitsa pamutu. Khobidi linali lofunda, lonona. Ndinakulunga nsonga ya ulusi pachala, mbali ya mkanda, n'kulitsitsa pang'onopang'ono. M'kati munamveka kuti khethe.

Inu, chinaseka. Maso anatembenuzika, mimba inagunda galasi, mutu uku ndi uku. Hooo-ho-ho-ho! Haaa-ha-ha! Ndinasangalala kwa kanthawi kokwana kumeza malovu kamodzi. Kenako ndinakoka. Ulusi unabwera wopepuka, wodulidwa bwinobwino ngati ndi lumo la telala. Mkanda unalipo. Khobidi kunalibe.

Ndinadikira kuti chisiye ngati mmene chinasiyira kwa kalaliki uja. Sichinasiye. Chinkati chikafika kumapeto, n'kukoka mpweya kuti hiiii, n'kuyambiranso.

Woyamba kukwiya anali mayi wa nthochi. Anadzuka n'kumanga nsalu yake, n'kufunsa chidolecho kuti chaona chiyani pa iye. Chinamuyankha ndi phwete lalikulu. Kenako panabwera mesenjala wa yunifolomu ya khaki, anaimika njinga yake, anaima njo, n'kuchilamula m'Chingerezi kuti chikhale chete. Chinaseka mpaka chipewa kupendekeka. Bambo wina amene anali atalawa kachasu kuyambira m'mawa anakhala pansi patsogolo pake n'kuyamba kuchifotokozera za mkazi wake. Anati aka kanali koyamba kupeza munthu womvetsa. Agalu anayamba kuuwa. Anthu anadzaza khonde mpaka mumsewu.

Ine ndinali nditakanikizidwa kukhoma, dzanja limodzi litafumbata ulusi, lina lili paliwombo la Esnati. Ndinkamvera ngati likugundabe. Anatsokomola kamodzi, ine mkodzo unatsala pang'ono kutuluka. M'mutu mwanga munkangozungulira mawu a azakhali. Ndinkaona kabokosi kakang'ono ka maliro, ndi anthu akuloza ine kuti uyu ndi amene anagulitsa mng'ono wake kwa chidole.

Ndiye ngati kuti zimenezo sizinakwane, mumsewu munatulukira lole ya maliro, amayi akuimba nyimbo pamwamba. Mukudziwa mwambo wake. Aliyense anaima chilili, amuna anavula zipewa, wa njinga anatsika, ngakhale woledzera uja anagwira pakamwa. Limbe yense anati zii. M'kati mwa ziiyo munangotsala hooo-ho-ho-ho! Nyimbo ya pa lole inaduka. Lole inaima. Anatsika bambo wina wamtali, maso ofiira ndi kulira, n'kufunsa kuti wamwano ameneyu ndi mwana wa yani, ndipo bwanji sakuvula chipewa. Atamuonetsa, anaima nthawi yaitali akuchiyang'ana. Mayi wa nthochi, pofuna kuthandiza, anachifunditsa chitenje. Zinaipiraipira. Tsopano chinkaoneka ngati munthu amene akuyesetsa kubisa kuseka pamaliro koma zikumukanika. Lole inanyamuka mopanda nyimbo.

Pamenepo n'kuti atafika a Likongwe, mkulu wa mpingo wathu, amene ankasoka nsapato pafupi ndi msika. Anavula jekete, anapatsa mesenjala kuti awagwirire, n'kuyamba kudzudzula chiwanda. Akakweza mawu, icho chinkakweza. Akapuma, icho chinkakoka mpweya. Zinkachita ngati anagwirizana.

Amayi ndinawaona akubwera, dengu lili pamutu. Sanayang'ane chidole. Anayang'ana ine, anayang'ana kolala ya Esnati yomasuka, anayang'ana chibakera changa. Anatula dengu pansi mwaulemu kwambiri. Ine ndinadziwa kuti kwanga kwatha.

A Maloko anabwera osathamanga. Anatsekula loko woyamba, wachiwiri, wachitatu, analowa, n'kuzula chingwe cha magetsi. Chidole chinauma kukamwa kuli yasa. A Likongwe anati, "Amen," n'kulandira jekete lawo. Kenako a Maloko anatsekula kumsana kwa bokosilo ndi kakiyi, anapisamo dzanja, n'kutulutsa khobidi lakuda likulendewera pa kachidutswa ka ulusi. A Likongwe analitenga, analinunkhiza, nkhope inasintha.

"Nsatsi," anatero. "Ichi n'chithumwa cha mwana. N'chifukwa chake. Mwini wake ndani?"

Anayamba kuyendetsa maso pa makosi a ana onse amene anali pamenepo. Amayi akanati n'lathu, Lamulungu likudzalo akanaimitsidwa kutsogolo kwa mpingo wonse. Akanakhala chete, khobidi likanapita, ndipo mawu a azakhali akanatsala nafe. Ine ndinatsekula pakamwa kuti ndiulule, koma chala cha amayi chinandigwira pantchafu.

Anapita kutsogolo, anagwada pang'ono, n'kunena ndi mawu awo oimbira aja, "Abambo, mwini wake sangavomere, manyazi amugwira. Koma chinthu chotere chisagone m'thumba mwanu, inu munthu wa Mulungu. Ndipatseni ine, ndikachiponye m'chimbudzi chakuya cha kutchalitchi."

A Maloko anati zimenezo n'zabwino, koma chilichonse cholowa m'makina awo n'chawo. Amayi anamasula mfundo ya nsalu yawo n'kuwapatsa khobidi loyera limene linatsala pogula mchere. Lakudalo analikulunga m'tsamba la nthochi, n'kuligwira patali ndi thupi ngati khoswe wakufa. A Likongwe anagwedeza mutu n'kuuza anthu kuti akanakhalapo amayi khumi otere, Limbe akanapulumuka.

Titangodutsa njanji, pansi pa mtengo wa bulugamu, amayi anasolola ulusi m'mphepete mwa chitenje chawo. Mosakhalitsa khobidi linali pakhosi pa Esnati, mkanda uli pambali pake, kolala yatsekedwa. Ulendo wonse wotsalawo anandigwira pantchafu ndi zala ziwiri, osasiya. Tikakumana ndi munthu ankamwetulira, "Tili bwino, kaya inu?" uku akupotokola. Lamulungu, akazi a a Likongwe akuonerera, amayi anaponya kanthu kokulunga m'tsamba m'chimbudzi cha kutchalitchi. Linali batani la jekete la abambo athu otibala. Abambo analifunafuna mwezi wathunthu, ndipo amayi ankawathandiza kufuna.

Tsiku limenelo ndinaphunzira zinthu zimene sukulu sinandiphunzitse. Chinthu chokusekerera chili ndi lumo m'mimba. Amen amatha kubwera pambuyo pa munthu wozula chingwe. Ndipo mayi wako wokubala akhoza kunama atagwada, mawu osanjenjemera n'komwe. Esnati anakula, ali ku Chirimba ndi zidzukulu zake, ndipo amanenepa chaka chilichonse. Kaya ndi khobidi, kaya ndi jakisoni wa kuchipatala, ine sindikhulupirira mbali iliyonse.

Zonsezi ndinawafotokozera bambo a Tadala titaima m'kashedi muja. Ndinasiyako za batani zokha, chifukwa si zonse zouza apongozi. Iwo anaseka, anapukuta manja, n'kutsekula kumsana kwa chidole chawo.

"Amayi, tabwerani muone mdani wanu."

Ndinayandikira, chikwama changa nditachipana m'khwapa. M'kati munalibe chiwanda. Munali timawilo, lamba, ndi kambale kakuda ngati ka galamafoni, komwe kuseka konse kunkachokera. Ndipo pansi penipeni pa kabowo koponyera ndalama panali kampeni kakang'ono kopindika, kakuthwabe mpaka lero.

"Aka n'kodulira ulusi," anatero. "Wanuwo uyenera kuti unakola pa kachitsulo koyatsira aka, khobidi n'kutsala likukanikiza. Munkayesa munayamba ndinu?"

Anatsitsa botolo lalikulu pashelefu. Munali zimene amapeza m'mimba mwa makina akamawakonza: mabatani, tizitsulo tobowola ta m'mabawuti, ndalama zoboola ndi msomali. Pafupifupi chilichonse chinali ndi kaulusi kake kodulidwa. Ana a azungu a kuno, amene lero ndi nkhalamba zimene apongozi anga amazisambitsa ku Midland, onsewo anali akuba anzanga. Mdzukulu wanga Tadala, amene anali nafe m'kashedimo, anafunsa m'Chingerezi chake chotulukira m'mphuno kuti bwanji agogo sanangopempha ndalama kwa amayi awo. Mwana wokulira kuno sangamvetse.

Koma kampeni kaja ndinakayang'ana nthawi yaitali. Kwinakwake kutsidya la nyanja, munthu wina amene sanafikepo ku Limbe anakhala pansi n'kuganiza kuti tsiku lina kudzabwera kamtsikana ndi ulusi. Sanandione, koma anandidziwa, ndipo anandidikira. Pa anthu onse amene ndakumana nawo pamoyo wanga, ameneyo yekha ndi amene ndikanamusungitsa makiyi a nyumba yanga.

Masiku ano khobidi kulibe. Makina a kuno saseka, amangolira kuti pii, ndalama yapita, ndipo suona n'komwe pamene yalowera. Ndisanachoke m'kashedimo ndinawapempha bambo a Tadala kuti andiboolere khadi langa lokwerera sitima, pakona. Anati likhoza kuwonongeka. Ndinati aboole. Ndinamangapo ulusi wakuda wopota kawiri, ndipo nsonga yake imakhala pachala changa. Ndikafika pa siteshoni ya ku Midland anthu a m'mbuyo mwanga amadandaula kuti ndikuchedwetsa mzere. Adandaule. Ine ndimayamba ndawerama kaye, n'kusuzumira pansi pa makinawo ngati palibe kampeni.