Dzina la Apongozi pa Mndandanda Wanga

Ndine mkamwini m'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila, ndipo ndakhalamo zaka zambiri popanda mlandu. Anthu anandisankha kukhala mlembi wa komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi chifukwa ndimadziwa kuyala kalata, luso limene ndinaliphunzira ndekha ndili mesenjala ku esiteti ya tiyi. Zimene ndikulemba pano zikukhudza maphunziro amene komitiyo inalandira, ndiponso nkhawa imene anandisiyira.

Maphunzirowo anachitikira pasukulu ya pamtunda kwa masiku atatu, mvula isanayambe. Mlangizi anali mayi wachitsikana wochokera kuboma. Anatiphunzitsa kuti madzi a kwathu kuno sadikira mvula ya pamudzi. Ikagwa m'phiri, mtsinje ukhoza kusefukira ife tikuwotha dzuwa. Tinazika mzati padoko ndi kuupaka utoto, wobiriwira pansi, wachikasu pakati, wofiira pamwamba. Madzi akakhudza pachikasu tiyimbe wezulo, ndipo asanafike pofiira pasatsale munthu kumunsi.

Tsiku lachitatu mlangizi analamula kuti aliyense wa ife apatsidwe wokalamba kapena wolumala amene wayandikana naye, woti adzamukweze kusukulu tsiku la ngozi. Dzina limene linagwera ine linali la apongozi anga, mayi wa mkazi wanga, amene amayendera ndodo ndipo nyumba yawo inali kumunsi kwenikweni.

Pano ndiyenera kufotokoza. Chilowereni m'mudzi muno ndinali ndisanayang'anepo nkhope yawo. Tikakumana panjira ndimapatukira m'chinangwa. Powalonjera ndimanjuta kuseri kwa nyumba, ndipo mawu ofunika amadzera kwa mkazi wanga. Zowakhudza ndi dzanja ndiye sizitchulidwa n'komwe.

Pa nthawi yopuma ndinalemba kalata yopempha kuti ndisinthane ndi wina. Mlangizi anaiwerenga ali chiimire.

"Abambo, madzi sadziwa chipongozi," anatero. "Wina amene ali pafupi nawo ndani?"

Panalibe. Wapampando wathu, bambo wa kabaza, anaseka mpaka kugwira nthiti. "A sekeletale, madziwonso mudzawalembere kalata, adzayambe adikira akazi anu!"

Tsiku loyeserera, mkazi wanga ndiye anawagwira apongozi dzanja kukwera nawo, ine ndikutsatira patali ndi mkeka. Mlangizi anachonga kuti nyumba yathu yakhoza. Ine ndinadziwa kuti tanamiza boma. Kuyambira pamenepo mtambo uliwonse wa paphiri unkandidula mtima, ndipo ndinkapempha mkazi wanga kuti asapite kutali.

"Ndisiye kugulitsa nandolo chifukwa cha mtambo?" ankatero. "Mudya mzati wanuwo?"

Madzi anabwera tsiku la msika wa pa Thuchila, iye atapita m'mawa. Masana pamudzi panali dzuwa, koma phiri lonse linali bii. Nditafika padoko ndinapeza pobiriwira patamira, madzi ali ofiira ndi dothi, akukokolola zitsa. Ndikuyang'ana choncho anakhudza pachikasu. Ndinayimba wezulo mpaka masaya kuwawa, anthu n'kuyamba kukwera ndi ana ndi mbuzi. Kenaka ndinathamangira kwa apongozi, ndipo ndinanjuta kuseri kwa nyumba monga mwa masiku onse.

"Odi, amayi. Ndabwera mwaulemu kudzakudziwitsani kuti madzi akwera."

"Mwana wanga ali kuti?" anayankha ali pakhonde.

"Ali kumsika, amayi."

"Ndimudikira. Komanso nyemba zanga za kalongonda zili pamoto, ndangotaya madzi oyamba."

Ndinabwereza pempho langa katatu, ndipo katatu ndinakanidwa. Ndikuvomereza kuti pamenepo ndinataya nthawi imene tinaphunzitsidwa kuti tisamataye. Mtsinje unkalira ngati galimoto zambiri zodutsa pamodzi. Ndinaona nthochi za kudimba zikugwa imodzi imodzi, kenaka madzi analowa m'chimanga cha kumunsi kwa bwalo. Ndinayang'ana kunjira, mwina kungatulukire mayi aliyense woti andithandize. Onse anali atakwera. Wezulo wanga yemwe ndiye anawathamangitsa.

Ndinadzuka. Ndinazungulira nyumbayo chambuyo, maso ali kuphiri, mpaka zidendene zanga zinagunda khonde. Pamenepo ndinanjuta.

"Amayi, nkhope yanu sindikuiona, inunso yanga simuiona. Nawu msana."

Madzi anazimitsa moto wa pamafuwa, ndipo ndinawamva akundizizira m'mapazi. Apongozi anang'ung'udza m'Chilomwe mawu amene sindinawamve bwino. Kenaka ndinamva chitenje chikukutumulidwa, akudzifunda kumutu, ndipo manja awiri anagwira mapewa anga. Anali opepuka ngati mtolo wa udzu.

Tinakwera m'matope. Chapakati pa chitunda anayankhula mokweza, ngati kuti pali munthu wachitatu amene akuyenda nafe.

"Muwauze bambowo ayende bwino, akundigwedeza."

Inenso ndinayankha kwa munthu yemweyo. "Muwauze amayi kuti tatsala pang'ono."

Pasukulu ndinawatsitsa chambuyo pamkeka wa amayi ena, ndi kuchokapo osacheuka. Wapampando anatsegula pakamwa kuti aseke, koma atayang'ana kumunsi anatseka. Pamene ndinanjuta paja panali mtsinje, ndipo khoma la khonde linali litagwa. Mkazi wanga anafika madzulo akulira, atazungulira njira ya kumsewu, ndipo anawapeza amayi ake akudandaula za mphika wawo.

Nyumba tinawamangira ina chapamwamba pang'ono, koma pamalo pawo pomwepo, pakuti anakana kusiya dothi la makolo. Mpaka lero tikakumana panjira ndimapatukira m'chinangwa, ndipo phiri likada ndimalephera kudya. Chaka chilichonse mvula isanayambe komiti imalembanso mndandanda wa okalamba ndi owakweza. Chaka chino tinalandira mayi wina wodzipereka amene akanatha kuwatenga, ndipo ndinatuma mkazi wanga kukawadziwitsa. Anabwerako ndi yankho lalifupi.

"Akuti muwauze bambowo asafufute dzina langa papepala lawo. Msana uja ndinauzolowera."

Dzinalo ndalilembanso pansi pa langa.