Chaka Chimene Amama Anataya Migolo ya Kachasu

Nyumba yathu ku Kanyama inkanunkha gaga wosasa ndi shuga. Fungolo linkalowa m'mabulangete, m'yunifomu ngakhale m'tsitsi, moti aphunzitsi ankadziwa kuti ndine mwana wa pakachasu ndisanatsegule pakamwa. Kuseri kwa nyumba, pakati pa chimbudzi ndi mpanda wa malata adzimbiri, n'kumene kunkakhala migolo ya Amama, yovindikiridwa ndi masaka, ikuwira yokha ngati mimba ya munthu wodwala. Ntchito yanga inali yosonkhezera moto ndi kusintha madzi a m'beseni limene paipi inkadutsamo, kuti nthunzi izizire n'kumadontha m'botolo. Mkulu wanga Misozi ankatsuka mabotolo akaweruka kusukulu, buku lili pamiyendo, chifukwa anali wanzeru kwambiri m'kalasi mwake ndipo ankafuna kudzakhala namwino. Atata anali atachotsedwa ntchito m'zaka zija mafakitale ankatsekedwa, choncho tonse tinkadya, kuvala ndi kuphunzira ndi madontho a m'botolo aja.

Chilimwe cha chaka chimenecho kunatentha mpaka malata ankalira okha masana. Fumbi la mumsewu linkatuwitsa miyendo yathu tikamasewera chiyato, masewera otola timiyala, ndipo pamakoma ndi pamitengo ya magetsi panayamba kuoneka mapepala okhala ndi chithunzi cha mzungu wa tsitsi loyera atanyamula Baibulo. Anali mlaliki wa kutsidya la nyanja amene tinkamumva pa wailesi Lamlungu lililonse. Timabuku take tomasuliridwa m'Chinyanja tinkagulitsidwa pamasiteshoni a basi limodzi ndi zipeso ndi mankhwala a makoswe. Akuluakulu ankati analalikirapo kumayiko onse, kuti atsogoleri a mayiko ankamuitana kuti awapempherere, ndiponso kuti kumayiko kumene kupemphera kunali koletsedwa anthu ankabisa mabuku ake pansi pa mphasa. Ife ana tinapezerapo masewera atsopano. Wina ankakwera pamulu wa njerwa n'kumalankhula Chizungu chabodza, wina n'kumamasulira, enafe n'kumagwa m'fumbi tikuseka. Sindinkadziwa kuti mawu a munthu amene tinkamuseweretsayo adzalowa pakhomo pathu.

Amama sanali munthu wa tchalitchi. Ankakonda kunena kuti mapemphero sagula makala. Kumsonkhano wa mlalikiyo anapitako kukachita malonda, kukagulitsa madzi ozizira omanga m'timapepala tapulasitiki, ndipo ine ndinasenza beseni lachiwiri. Sindinaonepo khamu ngati limenelo. Mabasi ankakhuthula anthu a m'makomboni a Chawama, Matero, George ndi Mtendere, ndipo bwalo lonse linkanunkha thukuta, chimanga chootcha ndi udzu wopondedwa. Ife tinali kumbuyo kwenikweni, kumene mlalikiyo ankaoneka ngati nyerere yovala jekete. Sankakalipa monga alaliki a m'misika. Ankalankhula modekha, womasulira akumutsatira m'Chinyanja chozama cha kumudzi, ndipo mwa zonse zimene ananena ndinatolapo zakuti pali anthu amene amadziwa chimene chikupha mnansi wawo koma amayang'ana kumbali. Kwaya itayamba kuimba, anaitana aliyense wofuna kusiya moyo wakale kuti apite kutsogolo. Ndinali kupatsa mayi wina madzi, ndipo nditacheuka ndinapeza beseni la Amama lili pansi, eni ake palibe. Ndinawaona patali ndi chitenje chawo chachikasu, akudutsa pakati pa anthu, manja ali pachifuwa, akulira poyera. Ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pamaliro a khanda lawo. Ndinaima ndi mabeseni awiri, madzi akufunda, osadziwa ngati ndiwatsatire kapena ndilondere malonda.

M'mawa mwake migolo inali itapsa, yongoyembekezera kutcheza. Amama anandiitana kuseri. “Bwela unigwilile uku,” anatero. Ndinkaganiza kuti tikuukweza mgolo pamafuwa, koma tinaugubuduza mpaka pachipata, ndipo iwo anachotsa saka n'kuupendeketsera m'ngalande. Phala la kachasu linakhuthuka likuchita thovu, lofiirira, n'kuyenderera kutsogolo kwa nyumba za anzathu. Tinabwerera kukatenga wina, kenako wina. Ndinkadziwa kuti mmenemo munali yunifomu ya Misozi, lendi ndi ufa wa mwezi wonse. Kenako anatulutsa mabotolo a mutu, kachasu woyamba kudontha amene ndi waukali ndi wodula, n'kumawatsanulira momwemo limodzi ndi limodzi. Anthu anadzaza msewu. Azibambo amene ankamwera pathu anathamanga ndi zitini kuti atungeko, ena anagwada m'matope, ndipo abakha a aneba anamwa mpaka kumagwa chagada. Palibe anaseka. Azimayi anangogwira pakamwa.

Atata anatuluka m'nyumba malaya ali m'manja. “Amake Misozi, mwafuntha? Manje tizadya chani? Uja muzungu wanu azatitumila unga pa ndeke?” Amama anayankha osakweza mawu. “Ba Lungu banafela mu ngalande yamene iyi, bochokela pano. Sinizaphikanso.” Ba Lungu anali kalipentala wokonda nthabwala amene ankamwera pathu. Dzinja lapitalo anachoka ataledzera, anagwera m'ngalande yodzaza ndi madzi a mvula, ndipo anapezeka atafa. Mkazi wawo anabwera pachipata chathu atanyamula nsapato za malemuwo, anaima nthawi yaitali akuyang'ana Amama, n'kubwerera kwawo. Pakhomo pathu nkhaniyi sinkatchulidwa, ndipo ine ndinkaganiza kuti Amama anaiwala. Atata sanawamenye. Analowa m'nyumba, ndipo patapita milungu ingapo ananyamula chikwama n'kupita ku komboni ya Kuku, kumene tinamva kuti anali ndi mkazi wina.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Mlalikiyo anakwera ndege n'kupita kukalalikira kwina, mapepala a chithunzi chake anamatuka ndi mvula yoyamba, ndipo ife tinatsala ndi migolo yopanda kanthu. Dzinja limenelo Kanyama inasefukira monga mwa masiku onse. Madzi analowa m'nyumba, tinasanjika katundu pamigolo yomweyo, ndipo masiku ambiri tinkagona titangomwa tiyi wopanda shuga. Amama sankadziwa kuwerenga, choncho ine ndinkawawerengera kabuku ka mlalikiyo kamene anapatsidwa kumsonkhano, mimba ikulira, iwo atatsinzina n'kumagwedeza mutu. Azimayi a kutchalitchi anabwera kudzaimba kangapo, kenako anasiya. Amene anatinyamula anali ba Asiyatu, mkazi wa telala wachisilamu wochokera ku Malawi, amene kale sankaponda n'komwe pakhomo pathu chifukwa cha mowa. Anabwera ndi chiwaya chawo ndi mafuta pang'ono, n'kuphunzitsa Amama kukazinga mandasi. Koma mandasi sakanatha kuphunzitsa ana awiri. Sukulu zitatsegulidwa, Misozi anapinda yunifomu yake n'kundipatsa, iye n'kuyamba kusenza beseni kupita nalo kumsika wa m'tauni. Sanadandaule pamaso pa Amama, komanso kuyambira pamenepo sanalowenso m'tchalitchi.

Amama sanaphikenso mowa mpaka tsiku limene anamwalira, ndipo anali munthu wamtendere kuposa mmene ndinkawadziwira ndili wamng'ono. Ena mwa amene ankamwera pathu anangosamukira pakhomo lina, ena anasiyadi, ndipo mmodzi anadzakhala mkulu wa mpingo. Ine ndinamaliza sukulu, ndipo lero ndimaphunzitsa ana ku Chainda. Mlalikiyo atamwalira ali nkhalamba, wailesi yakanema inaonetsa mabwalo odzaza anthu a mitundu yonse, mabuku ake m'zinenero zimene sindinazimvepo, ndi atsogoleri atavala zakuda. Onse ankakamba za anthu miyandamiyanda amene anapita kutsogolo atamumva. Ndinapita kumsika kukauza Misozi, amene tsopano ali ndi imvi ndipo amagulitsa tomato ndi anyezi. “Ni uja wa migolo?” anafunsa, akupukuta tomato ndi nsalu. Nditavomera, anangoti, “Agone bwino,” n'kutembenukira kwa wogula.

Mpaka lero sindinathe kuweruza nyengo imeneyo. Ndikukhulupirira kuti Amama anachita zoyenera, ndipo mwina pali ana ena ku Kanyama amene anakula ndi abambo awo chifukwa cha m'mawa umenewo. Koma mawu a munthu wamkulu akayenda dziko lonse, amakafika m'nyumba zimene iye sadzazidziwa, ndipo mmenemo mumakhala anthu amene sanamve ulaliki, sanaimike dzanja, sanafunsidwenso maganizo awo. Tsiku la msonkhano lija Misozi sanapiteko n'komwe. Anatsala pakhomo akuwerengera mayeso.