Pomwe Lorenso Anagoneka Apongozi Ake

Lorenso Alufandika anabadwira kufupi ndi Marka, m'banja la asodzi a m'dambo la Ndindi. Bambo ake anachokera kutsidya, kwa Apwitikizi, ali ndi ukonde umodzi ndi mkazi mmodzi. Lorenso kusodza sikunamuyanje, bwato linkamuchititsa chizungulire. Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo ya Lorenso inali kusanja nsomba zouma. Dengu limene wina akanaikamo milamba mazana awiri, iye ankaikamo mazana atatu, mutu kuno mchira uko, ndipo inkafika ku Limbe pa sitima yosathyoka ngakhale umodzi. Amalonda ankachita kumulimbirana pa siteshoni.

Anakwatira Evelesi, mwana wa a Maliko Semba, mlimi wa thonje. Anali mkamwini wa mwambo wakale. Akaona apongozi ake akubwera panjira ankapatuka, n'kunjuta m'tchire atayang'ana kumbali mpaka adutse. Zaka khumi ndi ziwiri sanadye nawo mbale imodzi, sanakhale nawo mphasa imodzi. Akakhala ndi mawu ankatuma munthu. Kwathu kuno zimenezi si zachilendo, ndipo a Maliko ankamunyadira pa mowa. Ndikuzinena chifukwa panadza masiku khumi ndi limodzi pamene moyo wa mkuluyo unali m'manja mwa mkamwini ameneyu.

Lorenso anamangidwa mu 1974. Anyamata a malaya ofiira anamupeza pamsika n'kumufunsa khadi la chipani. Khadi anali nalo, linali m'chipewa, koma iwo anayamba ndi kukhuthula dengu, kufunsa kunabwera pambuyo. Lorenso anayang'ana ntchito ya m'mawa wonse ili mbwee m'fumbi, n'kumuwaza khofi mmodzi wa iwo. Khofi limodzi, zaka zinayi.

Ine ndine Howard, telala. Ndinamupeza m'ndende ya pa boma chaka chotsatira. Mlandu wanga unali wakuti makina anga ankamveka kulira pakhonde tsiku la msonkhano, pamene aliyense amayenera kukhala pabwalo akuwomba m'manja.

Selo yathu anaimanga atsamunda. Pamwamba pa chitseko panali nambala 20 yolembedwa ndi penti, ya anthu oyenera kugonamo, ndipo palibe amene anavutika kuifufuta. Tsiku limene ndinalowa ndinali wa 41. Pofika Okutobala tinali 68. Munali osowa makadi, munali a Mboni okana makadiwo, munali amene anagwidwa akuwoloka malire ndi thumba la mchere, otcheza kachasu, otchera misampha m'nkhalango momwe makolo awo ankatcheramo isanakhale ya boma, ndi ena amene anangonena mawu pa mowa pali khutu lolakwika. Theka anali a limandi, odikira khoti limene silinkafulumira. Akuba enieni analimo asanu ndi mmodzi okha, ndipo ankadandaula kuti tawaonongera malo. Kunja thonje linkangoyera m'minda popanda wotola, akazi athu ali pamzere pa geti ndi timaphukusi.

Anthu atachuluka choncho, vuto silinalinso nsima kapena nandolo wofumbwa uja. Vuto linali pogoneka thupi. Sajeni Goodwell, msilikali wa ndende amene ankatitsekera, atamva ntchito ya Lorenso anaseka mpaka kutsokomola, n'kumuika kukhala nyapala, mkaidi woyang'anira anzake. Chitseko chinkatsekedwa 3 koloko masana, kutsegulidwa m'mawa. Ikatsala pang'ono nthawiyo Lorenso ankaima pakhomo n'kumatiyeza ndi maso. Aatali ankawagoneka m'mbali mwa khoma, cham'mbali, miyendo yolowana. Otsala ankawakhazika pakati, pamene tinkapatcha kuti shamba, aliyense pakati pa maondo a mnzake. Sankakalipa, sankakondera. Ankangoti, “Iwe apa. Iwe tembenuka.” Malo ankapezeka pomwe panalibe malo. Iye mwini ankagona pakhomo, monga anyapala onse, pomwe pankalowa kamphepo pansi pa chitseko. Ndowa yodzithandiziramo inkakhalanso pomwepo, kumutu kwake.

A Maliko anawabweretsa Lachiwiri. Mwana wawo wamwamuna ankafunidwa, anathawira kutsidya, ndiye anagwira bambo kuti mwanayo abwere. Anali munthu wa zaka ngati 70, woonda, wa jekete lotuwa. Lorenso atangowaona pakhomo ananjuta n'kuyang'ana kukhoma. Anthu anadabwa. Iye anandikodola.

“A telala, awo mba apongozi anga,” anatero monong'ona. “Kawauzeni kuti ndawaona.”

Ndinapita, n'kunena. Mkuluyo anayang'ana pansi.

“Kamuuzeni kuti takhuta. Ana ali bwino kunyumba.” Kwathu kuno takhuta ndiye zikomo.

Kuyambira pamenepo ndinakhala thenga wawo, munthu woyenda masitepe asanu ndi atatu ndi mawu a anthu amene akumvana okha.

Lorenso sakanalola kuti thupi lake ligundane ndi la apongozi ake, kapena kuti azipumirana mpweya. Anawasankhira ngodya yakutali kwenikweni ndi khomo, n'kuchotsamo munthu, n'kuwapatsanso bulangete lake. Anali malo ogona chogona, osati shamba, ndipo anthu ankamenyanirana malo otero. Koma ngodya imeneyo inalibe mpweya. Denga linali la malata, mwezi uli Okutobala, ndipo amene anakhalapo ku Nsanje mu Okutobala sindifunika kumuuza kanthu. Tonse tinati Lorenso wachita bwino. Inenso ndinatero.

Tsiku lachitatu ndinaona kuti a Maliko sakumwa madzi. Asanatitsekere aliyense ankalandira kapu yake. Iwo ankaigwira pang'ono, n'kupatsa woyandikana naye. M'mawa akatitulutsa pabwalo ankanyowetsa kukhosi, basi. Ndinawafunsa.

“Mwananga,” anatero, “ndowa ili kuti?”

“Pakhomo.”

“Pakhomo pagona ndani?”

Ndinacheukira kwa Lorenso, iwo n'kupitiriza.

“Ndilumphe anthu onsewa, ndikaime kumutu kwa mwamuna wa mwana wanga, ndikamasule buluku? Nkhabe. Ayi ndithu, ndipirira mpaka kuche.”

Ndinakamuuza Lorenso. Anakanda pansi ndi chala. Kenako anati ndikawauze kuti iye azifunda chipewa kumaso nthawi zonse akafuna kubwera. Ndinapita. Mkuluyo anamwetulira ndi milomo yong'aluka.

“Makutu nawonso afunda chipewa?”

Lorenso anapeza chitini chopanda kanthu kukhitchini, kuti chizikhala kungodya komweko. A Maliko anachikana. Anati chipinda ndi chimodzi. Lorenso anawatumizira mawu oti asinthane malo, iwo abwere pakhomo pa mphepo, iye apite kungodya. Anakananso. Anati munthu sagona pogona pa mkamwini wake, ndipo anafunsa ngati kwa a Alufandika sanamuphunzitse zimenezo. Lorenso atamva anachita manyazi ngati kuti watukwana.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anapita kwa Sajeni Goodwell, chipewa chili m'manja. Ine ndinali pafupi ndikusoka yunifomu ya msilikali wina.

“Bwana, ndapota nanu, chonde asamutseni madalawa apite selo ina. Ndi apongozi anga.”

“Selo iti? Ya anthu 72 ija kapena ya anthu 75?”

“Ndiye ndisamutseni ine, bwana.”

“Ndikakuchotsa iwe, anthu 69 andisanjira ndani? Dzulo ndalandira foni kuti Lachisanu kukubwera ena. Apongozi ako akadziwa kuti muno si kwawo, amwa madzi.”

Sanali munthu woipa kwenikweni, Sajeni uja. Anali atangotopa, ndipo munthu wotopa amayankha zoona zokhazokha. Tinapempha kuti awatengere kuchipatala, anati galimoto ilibe mafuta, komanso ludzu si matenda.

Ine ndinakwiya, ndinene poyera. Ndinakwiya ndi boma, koma boma silinali m'selo muja, ndiye mkwiyo wanga unagwera awiriwo. Tsiku lachisanu ndi chinayi a Maliko anali atayamba kulankhula zosamveka, maso atalowa m'kati. Oyandikana nawo anayesa kuwamwetsa, iwo n'kumangoluma mano. Chitseko chitangotsekedwa masana amenewo, dzuwa likuwotcha malata, ndinamugwira Lorenso pamkono.

“Inu, mwambo wanuwo mudzaudya? Ine andikana, onsewa awakana. Akuopa inu. Pitani nokha mukawauze pakamwa panu kuti palibe chamanyazi. Muwagwire mutu muwamwetse.”

Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti avule pamsika. Koma anaimirira. Anatenga kapu yake, madzi asanawalawe, n'kuyamba kuponda pakati pa miyendo ya anthu. Anadutsa mzere woyamba wa shamba, wachiwiri, wachitatu. A Maliko anatsegula maso n'kumuona akubwera. Ndi mphamvu zimene sindikudziwa kumene anazitenga, anakoka bulangete n'kudzifunda kumutu, kutentha konse kuja.

Lorenso anaima pomwepo, pakati pa chipinda, kapu ili m'manja. Panatsala masitepe atatu. Wina anati, “Pitani, nyapala.” Wina anati, “Asiyeni, akulu akana.” Anaima mpaka amene anawaponda anayamba kudandaula. Kenako anapatsira kapuyo munthu wapafupi kuti aipititse, iye n'kubwerera pakhomo. Kapu inafika kungodya, inakhala pansi, ndipo m'mawa munthu wina anamwa madziwo.

Tsiku lakhumi ndi limodzi, potiwerenga m'mawa, tinaperewera mmodzi. Oyandikana ndi a Maliko anali atadziwa kale kuti mkuluyo watisiya, koma sanafuule, popeza kufuula sikukanatsegula chitseko. Sajeni anasuzumira n'kunena kuti anthu awiri anyamule. Kwathu ntchito ya maliro ndi ya akamwini, ndiye apa mwambo unamulola Lorenso. Anapita kungodya kuja popanda womuletsa, n'kuwagwira m'khwapa, ine n'kugwira miyendo. Kanali koyamba kuwakhudza. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Tinawagoneka pakhonde la ofesi, Lorenso n'kuwakonza kolala ya jekete.

Sanalire. Inenso sindinalire, ndipo sindinamve chilichonse, ngakhale mkwiyo uja unali utapita. Masana omwewo kunabwera anthu atatu atsopano. Lorenso anawayeza ndi maso, awiri n'kuwaika pangodya pomwe panali mmodzi.

Abale anadzatenga mtembo pa ngolo. Iye sanaloledwe kupita kumaliro. Anatuluka mu 1978, anabwerera ku madengu ake, analera ana asanu, ndipo mpaka pano tikakumana pamsika timapatsana moni n'kukambirana za mvula. Za m'selo muja sitinakambiranepo. Koma ndisanasiye ndinene za Lamulungu lotsatira maliro aja, tsiku loona akaidi.

Evelesi anabwera atameta mpala, atamanga kansalu kakuda. Tinkalankhula ndi abale athu kudzera pa waya, anthu makumi angapo nthawi imodzi, ndipo ine ndinali phewa ndi phewa ndi Lorenso, ndikudikira mkazi wanga. Evelesi anagwada kutsidya kwa waya.

“Baba a Juliana, tawaika dzulo.”

“Ndamva.”

“Anavutika?”

“Anadwala pang'ono.”

Evelesi anapotokola nsonga ya chitenje. Kenako anayandikira waya n'kutsitsa mawu.

“Kumudzi anthu akulankhula. Akuti muno mumagona mothinana, wina pamwamba pa mnzake, chilichonse pamaso pa anthu. Mai sakugona nazo. Andituma kuti ndikufunseni. Munagundana nawo thupi?”

“Nkhabe. Ndinawaika kungodya, kutali ndi ine.”

“Sanachite chamanyazi pamaso panu?”

“Ngakhale kamodzi.”

Evelesi anapuma mpweya waukulu. Anawomba m'manja katatu, pang'onopang'ono, monga amachitira mkazi pothokoza mwamuna wake, misozi ikutsika.

“Takhuta, baba a Juliana. Takhuta kwene-kwene. Mwawasunga bwino bambo anga. Ndikawauza mai, mtima ukakhala pansi.”

Ine ndinali pomwepo, ndi pakamwa panga pomwepa, ndipo sindinanene kanthu. Lorenso anagwira waya ndi zala zonse.

“Kawauzeni,” anatero.