Ambulansi Inkathera pa Mlatho

Inu amene mwatopa ndi kugogoda pa zitseko zosatseguka, tamvani za Etela.

Bambo ake, a Dezider, anamwalira ali pa wilibala, akuwakankhira ku ambulansi. Mtima unawagwira dzuwa lili paliwombo. Ambulansi inabwera ndithu, koma inaima pa mlatho pomwe phula limathera. Kuno kum'mawa kwa Slovakia ife a mtundu wa Aromani timakhala kutsidya kwa mtsinje, ndipo masiku amenewo nyumba zathu zinalibe manambala. Pa mapu a khonsolo, pamene timagona anthu mazana asanu panalembedwa kuti thengo.

"Ndikanalowera kuti?" anatero dalaivala. "Kwanuko kulibe adiresi."

Etela anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mawu amenewo anamupweteka kuposa maliro. Atangoika bambo ake anapita kukhonsolo.

"Mayi, malo osavomerezeka sitipereka manambala," anatero kalaliki.

"Koma chisankho chikayandikira, njira ya kwathu mumaidziwa bwino," anayankha Etela.

Anabwererako kakhumi ndi kanayi, osaphula kanthu. Kenako anagula penti n'kuyamba kulemba yekha manambala khomo ndi khomo. Azimayi pa mjigo ankamuseka. "Wafika bwana wa positi. Kalata yanga ya chibwenzi ili kuti?"

Amalume ake, a Vojtech, sanaseke. Anaima pakhomo pawo atapinda manja.

"Mwana iwe, omaliza kutilemba m'kaundula anatenga agogo ako nthawi ya nkhondo. Sanabwerenso."

Sankanama.

"Amalume, bambo anafera pa wilibala yanu. Munkakankha ndinu," anatero Etela motsitsa mawu. "Sindikufuna mudzakankhenso."

Analola, koma kanambala kakang'ono: 47, pansi pa zenera.

Etela anajambula mapu a mudzi wonse n'kukawasiya kwa otumiza ma ambulansi. Iwo anawakana kawiri. Etela anaphunzira ntchito yothandiza odwala kumvana ndi achipatala, n'kumaperekeza amayi oyembekezera kusikelo kuti asamaikidwe kumapeto kwa mzere. Patapita zaka zitatu khonsolo inatopa naye, inathira miyala mumsewu n'kuvomereza manambala ake aja.

M'mawa wina mkazi wa a Vojtech, a Jolana, anagwa akuyanika zovala, pakamwa patapotoka. Etela anaimba foni. "Nambala 47, mukawoloka mlatho mukhotere kumanzere."

Ambulansi inawoloka. Ine ndinaiona ndi maso angawa, ndipo sindibisa, ndinalira.

A Jolana ali moyo, ndipo akulalatirabe amuna awo tsiku lililonse. A Vojtech anafufuta kanambala kaja n'kulembanso 47 wamkulu ngati chitseko, wooneka uli pa mlatho.

Matenda ambiri kwathu sayambira m'magazi. Amayambira m'maofesi momwe wina anaganiza kuti anthu a khungu lathu sawerengedwa. Zimene anakonza anthu, anthu akhoza kuzisintha. Ngati nanunso anakusiyani kunja kwa mapu, tengani penti yanu, ndipo akakubwezani mawa mupitenso mkuja. Osataya mtima.