Kanyumba ka amayi kuseri kwa laini

Mpaka lero ndikaona nyumba zondondozana ngati mano a chipeso, mtima umandiwawa. Amene anajambula malaini a pa esiteti ya tiyi ija sanakhalepo ndi apongozi, ndikunenetsa.

Ine ndi amuna anga tinkakhala m'chipinda chimodzi, khomo loyang'ana kumsewu, khoma logawana ndi banja lina. Ukatsokomola, a khomo linalo ankafunsa ngati wadwala. Zimenezo tinkapirira, poti anansi omwewo ndiwo ankatipatsa moto ndi mchere. Vuto linayamba amayi anga atafika kuchokera kwa Apwitikizi, bambo atamwalira.

Kwathu mkamwini sadya pamaso pa apongozi ake aakazi, sayang'anana nawo, akakumana panjira wina amapatuka. Nanga m'chipinda chimodzi upatukira kuti? Amuna anga ankachokera kumunda wa tiyi atanyowa, n'kudyera panja chiimirire. Amayi ankakhala choyang'ana kukhoma, nsalu kumutu, mpaka khosi kuuma. Anayamba kunena zopita kwa achemwali awo ku Thekerani. Ine ndinali ndi pakati poyamba, ndipo sindinkafuna kuchira amayi ali kutali.

Lamulungu lina amuna anga anajambula pansi ndi kamtengo. Kanyumba kuseri kwa laini, khomo lake loyang'ana kumtsinje. Pakati kabwalo ka mtondo ndi mafuwa kuti ine ndi amayi tiziphikira limodzi, kenaka kampanda ka udzu kolekeza m'mapewa. Anati ana athu akadzakula tidzamanga chomwecho, aliyense khomo lake koma bwalo limodzi. Anansi anatithandiza kumweta udzu. Amayi anakhalamo masabata atatu, ndipo ndinawamvanso akuimba Chilomwe posinja.

Kenaka kunabwera kapitawo, woyang'anira antchito. Munthu wakuda ngati ife tomwe, nayenso ali ndi apongozi kwawo, koma anaima pamenepo ndi ndodo yake n'kumati, “Bwana akufuna akamadutsa pa hatchi aziona makomo onse. Phwasulani.” Ndinagwada, ine wapakati, kumufotokozera mwambo umene ankaudziwa bwino lomwe. Anangoti laini ndi laini. Chonsecho galu wa bwanayo anali ndi kanyumba kakekake. Ndinamutukwana chamumtima, ndipo tchimo limenelo sindinalape.

Amuna anga anagwetsa kanyumba ka amayi kaja ndi manja awo omwe. M'mawa mwake amayi anamanga katundu. Ndinawachonderera, koma anati sangazunze mwana wa eni pakhomo pake pomwe. Amuna anga anatiperekeza mpaka pamlatho, akuyenda kumbuyo patali. Kutsanzika kwawo kunadzera mwa ine.

Mwana anabadwa mvula itayamba. Anandichiritsa ndi mayi wa khomo loyandikana, munthu wabwino ndithu, sindingamunenere choipa. Amayi anga anamwalira ku Thekerani asanamunyamule mdzukulu wawoyo.